Zimene Timawanamizira Olemba Nkhani za Chikondi

Mukauza anthu pa Kampepuza kapena pa Lizulu kuti mwana wa uje amalemba mabuku, amagwedeza mutu mokhutira, n'kunena kuti sukulu yake sidapite pachabe. Mukangowonjezapo kuti mabukuwo ndi a nkhani za chikondi, nkhope zimasintha. Amayi amayang'anizana, abambo amasekera m'kati, ndipo sipalephera wina wofunsa kuti, "Nanga zonsezo amazidziwira kuti?" Wofunsayo sakufuna yankho, mlandu wagamula kale: wolemba za chikondi ndi wachimasomaso, ndipo zimene walembazo ndi zimene amachita kukada.

Mlandu umenewu timawasungira olemba za chikondi okha. A John Gwengwe adalemba Sikusinja ndi Gwenembe, nkhani ya munthu wopha mbale wake chifukwa cha nsanje, koma palibe adawaganizirapo kuti m'manja mwawo muli magazi. Wolemba za ufiti sitimufufuza ngati kuseri kwa nkhokwe adabisako lichero lowulukira. Koma wina angolemba kuti mnyamata adagwira dzanja la mtsikana pamlatho, apongozi ayamba kale kufunsa kumene kuli ankhoswe. Jane Austen wa ku England, amene buku lake Pride and Prejudice lidatuluka mu 1813 ndipo mpaka lero likuwerengedwa ngati chitsanzo cha nkhani ya chikondi, adamwalira mu 1817 asanakwatiwepo. Zaka zake zomaliza adakhala ndi mayi ake ndi mkulu wake, akuyang'ana mmene anthu oyandikana nawo ankafunsirana, kukanana ndi kukwatirana.

Kuno ku Ntcheu sitifunika kuoloka nyanja kuti tipeze chitsanzo. Malemu a Whyghtone Kamthunzi adabadwira kwa Njolomole mu 1956, ntchito yawo inali ya uphunzitsi, ndipo adatisiya mu 2000 asanakwanitse zaka 44. Pakati pa 1987 ndi 1990 adatulutsa mabuku angapo a Chichewa motsatizana, ena mwa iwo ndi Wachitatu Nkapasule, Nyanga ya Nsatsi ndi Agnesi ndi Mphunzitsi Wake. Si onse amene ali a chikondi, koma mayina a awiri mwa mabukuwa akuonetsa okha kumene maso a mlembi adaloza: ubale wa anthu awiri wolowereredwa ndi wina, ndiponso mwana wasukulu wamkazi ndi aphunzitsi ake. Aliyense amene adagwirapo choko akudziwa kuti nkhani zoterezi mphunzitsi sachita kuzisaka. Zimamupeza ali pa desiki: kalata yogwidwa m'kalasi ikudutsa pansi pa mabenchi, mtsikana wanzeru amene wangosowa pakati pa teremu, kholo lobwera ku ofesi ya ahedi likunjenjemera ndi mkwiyo, manong'onong'o a m'chipinda cha aphunzitsi. Wina amaziona n'kuiwala, wina amakazifotokoza pamowa, wina amagula kope.

Chida chachikulu cha mlembi wa za chikondi ndi khutu. Nkhani zake amatola pamjigo, kuchigayo, pabwalo la mfumu pamene mlandu wa mimba ukukambidwa, pamaliro usiku anthu akacheza mpaka tulo titawathawa, ndi m'minibasi ya ku Balaka momwe mayi wosamudziwa amakhuthula za banja lake lonse asanafike pa Manjawira. Ine ndimaona kuti mlembi wotere amafanana ndi nkhoswe. Nkhoswe imamva mbali ya mwamuna, n'kumvanso mbali ya mkazi, ndipo imadziwa kuti aliyense wanenako zoona n'kubisako zina. Palibe amaitcha yachiwerewere chifukwa chodziwa za kuchipinda kwa eni ake. Ikadziwa zambiri timati ndi yokhwima pa ntchito.

Pali enanso amene amati nkhani za chikondi n'zachizungu, zidabwera ndi timabuku ta Mills & Boon timene atsikana a ku sekondale ankabisa pansi pa pilo. Timabukuto tidabweradi, kampani yake idayamba ku London mu 1908, ndipo ambiri mwa amayi amene lero akudzudzula ana awo chifukwa cha mafoni adatiwerenga mpaka chikuto kuthothoka. Koma chikondi sichidadikire sitima kuti chilowe m'nkhani zathu. Agogo ankatisimbira pamoto za mtsikana wokongola wokana amuna onse a m'mudzi, amene mapeto ake adakwatiwa ndi chilombo chodzisandutsa munthu. Nyimbo za pamtondo zinali za chiyani, ngati si za mwamuna woumira, mkazi mnzake, ndi wokondedwa amene adapita osatsanzika? Ndipo m'zaka zimene amuna a m'midzi yathu ankapita ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, mudzi uliwonse unali ndi mlembi wake wa za chikondi, kungoti sankadziwa kuti ndi mlembi. Anali mwana wa Sitandade 5 amene azakhali ake ankamuitanira kuseri kwa nyumba, n'kumupatsa pepala ndi pensulo kuti alembere amuna awo. Mwanayo ankayenera kupeza mawu onena kuti chimanga chatha, denga likudontha, komanso chinthu china chija chimene azakhaliwo sakadatha kuchitchula pamaso pa mwana. Yankho likabwera, woliwerenga anali yemweyo, ndipo nthawi zina ankaona ndi maso ake mmene nkhope ya munthu imagwera akamva kuti mnzake watchona.

Anzathu a ku Kano, kumpoto kwa Nigeria, adaonetsa kuti nkhani zotere zimayenda bwino m'chinenero cha eni ake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 amayi ambiri kumeneko akhala akulemba timabuku ta chikondi m'Chihausa, n'kumatigulitsa m'misika pamtengo wotsika. Atsogoleri ena achipembedzo ndi a boma adatidzudzula kwambiri, koma owerenga sadasiye kugula.

Komabe m'chikhulupiriro chija chakuti nkhani za chikondi n'zachizungu muli kachoonadi kamene sindingakabise. Kapangidwe ka buku la chikondi la chizungu sikatikwana bwinobwino. Kumeneko nkhani ndi ya anthu awiri, amakumana, amakangana, amagwirizana, ndipo buku limatha pa tsiku la ukwati. Kwathu kuno anthu awiri sakhala awiri. Kumbuyo kwa mtsikana kuli amalume ake, kumbuyo kwa mnyamata kuli alongo ake amene akuona kuti thandizo lawo latsala pang'ono kuchepa. M'midzi ya ku Ntcheu muli chikamwini, mulinso chitengwa, ndipo funso lakuti nyumba ikamangidwe kwa yani, ana adzakhala a mbali iti, munda wa mbatatesi ku Tsangano udzatsala m'manja mwa yani mwamuna akadzamwalira, lathetsa zibwenzi zambiri kuposa nkhope ya mtsikana wina. Mlembi amene amakopera za kunja n'kungosintha mayina, Richard kukhala Chikondi, Elizabeth kukhala Tadala, amatipatsa anthu opanda abale, oyenda m'dziko lopanda maliro ndi lopanda ngongole. Nkhani yathu yeniyeni imayamba kukoma pamene ya chizungu yathera, chinkhoswe chitachitika.

Tikamawerenga mabuku a Chichewa a m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, timaona kuti okondana ambiri mapeto awo ndi chilango: mimba yosayembekezera, kuchotsedwa sukulu, ndende, matenda, manda. Ena amatenga zimenezi ngati umboni wakuti alembi athu ankadana ndi chikondi, kapena kuti Mmalawi sadziwa kulemba nkhani yothera pabwino. Tiyeni tione kaye amene ankagwira makiyi. Osindikiza mabuku anali ochepa. Popular Publications ya ku Limbe inali m'manja mwa a Montfort, omwe aja amene mishoni yawo yoyamba m'dziko muno adaikhazikitsa kwa Nzama, konkuno ku Ntcheu, mu 1901. CLAIM inali ya mipingo. Dzuka inkayang'ana kwambiri msika wa sukulu. Pamwamba pa onsewa panali Censorship Board, yokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1968, imene inkatha kuletsa buku, filimu kapena nyimbo. Dziko lake linali lija limene mu 1973 lidaika lamulo loletsa amayi kuvala buluku ndi siketi yaifupi. M'nyengo yotere, mlembi wofuna kulemba za mnyamata ndi mtsikana ankadziwa kuti njira yodutsira ndi imodzi: awalole akondane m'mitu isanu ndi iwiri, awalange m'mutu wachisanu ndi chitatu, kuti woyang'anira akatseka bukulo anene kuti muli phunziro. Ambiri mwa alembiwo ankakhulupiriradi phunzirolo, sindikuwanena kuti ankanamizira. Koma chizolowezicho chidatitsalira, moti mpaka lero wachinyamata akalemba nkhani imene okondana akwatirana n'kukhala bwino, mnzake amamufunsa kuti, "Ndiye tikuphunzirapo chiyani?" ngati kuti banja lokoma si chinthu choti munthu n'kuphunzirapo.

Za ndalama anthu amakhulupirira zinthu ziwiri zotsutsana, ndipo munthu mmodzi yemweyo amatha kunena zonse ziwiri tsiku limodzi. M'mawa akuti wolemba mabuku ndi waulesi wosowa chochita, madzulo akubwera kudzabwereka ndalama poti dzina lako laoneka pachikuto. Zoona zake n'zakuti mlembi amene buku lake lasindikizidwa ndi kampani amalandira kagawo kochepa, kawirikawiri pafupifupi limodzi mwa magawo khumi a mtengo wa buku lililonse logulidwa, ndipo ndalamayo imabwera mochedwa. Buku limene limagulidwa kwambiri m'Malawi ndi limene lasankhidwa kuti ana alembere mayeso a MANEB, ndipo la chikondi chenicheni silisankhidwa kawirikawiri. Lotsalalo limagulidwa ndi munthu mmodzi n'kuwerengedwa ndi hositelo yonse. Malawi Book Service, imene inkafikitsa mabuku m'maboma, idatha m'zaka za m'ma 1990, ndipo lero pa boma ngati pa Ntcheu n'kosavuta kupeza makope, zolembera ndi mabuku a sukulu kusiyana ndi nthano yaitali ya Chichewa.

A Aubrey Kalitera a ku Blantyre adaziona zimenezi msanga. Mabuku awo oyamba adasindikizidwa ku Kenya m'zaka za m'ma 1970, koma kenako adayambitsa kampani yawoyawo, Power Pen Books, n'kumalemba, kusindikiza ndi kugulitsa okha mabuku monga Why Father Why, Mother Why Mother ndi To Ndirande Mountain with Love. Anthu ophunzira kwambiri ankawanyoza mabukuwo kuti ndi opepuka, pamene anyamata ndi atsikana ankalimbirana. Munthu amene m'mawa akulemba, masana ali pa makina, madzulo akuyenda ndi katoni ya mabuku kufunafuna ogula, mungamutche dzina lina lililonse koma osati waulesi.

Chikhulupiriro chimene chili ndi mizu yozama kuposa zonsezi n'chakuti kulemba ndi banja sizigonera nyumba imodzi. Ena amati mlembi amafunika kachipinda kakekake, kachetechete, kopanda mwana wolira. Ena amati mkazi akayamba kulemba, makamaka za chikondi, ndiye kuti banja lagwedezeka.

Mbali yoyambayo mbiri ya alembi imaitsutsa. Nora Roberts wa ku America, amene walemba mabuku oposa 200, adayamba kulemba mu 1979 chipale chitamutsekera m'nyumba pamodzi ndi ana ake aamuna awiri aang'ono, ndipo buku lake loyamba lidatuluka mu 1981. Mariama Bâ wa ku Senegal anali mphunzitsi ndiponso mayi wa ana 9. Buchi Emecheta wa ku Nigeria adalera yekha ana asanu ku London, akugwira ntchito masana, akuphunzira, n'kumalemba m'mamawa ana asanadzuke. Kuno kwathu alembi ambiri a Chichewa anali aphunzitsi, atolankhani ndi ogwira ntchito m'boma, ndipo aliyense amene adakhalapo m'nyumba ya aphunzitsi akudziwa mmene imakhalira: ana ako, ana a achimwene, mlamu amene adabwera kudzadikira zotsatira za mayeso, ndi mulu wa makope oti uchonge pofika mawa. Mabuku amene tidawerenga ku sukulu ambiri adalembedwa patebulo lodyera, mbale zitachotsedwa, pa kuwala kwa nyali.

Koma apa mpamene ndimasiyana ndi anthu amene amakonda kunena kuti wofuna kulemba amapeza nthawi basi. Nthawi imeneyo imachokera penapake, ndipo wina amailipira. Bambo akakhala patebulo ndi kope, pamakhala wina amene akuuza ana kuti, "Khalani chete, abambo anu akulemba." Wina wafunditsa madzi osamba, waphika, wakagoneka wamng'ono. Dzina la munthu ameneyo silioneka pachikuto. Tsono tembenuzani nkhaniyi. Mayi wa ku Tsangano kapena kwa Ganya amene m'mutu mwake muli nthano yathunthu, tsiku lake layamba ndi mjigo kusanache, kenako kudimba, kenako nkhuni, kenako kukagulitsa kabichi kapena tomato kumsewu, kenako nsima ya madzulo. Ngakhale mayi wa pantchito, namwino kapena mphunzitsi, akaweruka amakayamba ntchito yachiwiri kunyumba. Akati akhale pansi ndi kope, amene anganene kuti, "Khalani chete, amayi anu akulemba," ndani? Mlendo akafika n'kupeza bambo akulemba, amapepesa kuti wasokoneza. Akapeza mayi akulemba, amaona kuti wapeza munthu wongokhala.

Zaka zimachitira umboni. Buku la Nthondo la a Samuel Ntara lidatuluka mu 1933. Mayi woyamba wa ku Malawi kutulutsa nthano yaitali, mayi Walije Gondwe ochokera ku Mzimba, adatero mu 1985, patapita zaka 52. Buku lawolo, Love's Dilemma, linali la chikondi, lidatuluka mu mndandanda wa Pacesetters wa kampani ya Macmillan, ndipo iwo anali ndi zaka pafupifupi 50, akukhala ku Britain. Palibe angandiuze kuti m'zaka zonsezo m'Malawi munalibe mayi wodziwa kusimba nkhani, pamene amene adatisimbira nthano tonsefe anali agogo aakazi. Chidasowa ndi sukulu, nthawi, ndi chilolezo cha pakhomo.

Chilolezocho si nkhani yaing'ono. Emecheta uja, buku lake loyamba adalilemba ali pabanja, ndipo mwamuna wake adatentha mapepala onse. Adalilembanso patapita zaka, n'kutuluka mu 1976 ndi dzina lakuti The Bride Price. Wina anganene kuti onani, kulemba kudathetsa banja. Ine ndimaona kuti munthu amene angatenthe ntchito ya mkazi wake akadapeza china choti atenthe ngakhale mkaziyo akadakhala wosoka kapena wogulitsa mandasi. Nsanje ya mtundu umenewu ilipo ndithu pakati pathu. Mwamuna akapeza m'kope kapena m'foni ya mkazi wake mawu okoma amene mnyamata wa m'nkhani akuuza bwenzi lake, mtima umamuuza kuti mawuwa adawamva kwa wina, chifukwa iye sadawanenepo. Mkazinso amatha kuwerenga za mtsikana wa m'buku la mwamuna wake, wamwanya m'mano, n'kuyamba kuwerengetsa akazi onse amwanya a mumpingo.

Vuto lenileni limene alembi amakumana nalo pakhomo, limene anthu salitchula kawirikawiri, ndi la achibale odzizindikira m'nkhani. M'tauni yaikulu ungathe kubisala, koma m'mudzi momwe aliyense akudziwa amene adathawitsa mkazi wa yani chaka cha njala, kusintha dzina kokha sikukwanira. Alamu adzawerenga n'kunena kuti uyu ndine. Apongozi sadzawerenga, koma adzamva kwa amene adawerenga, ndipo zimenezo ndiye zoopsa kwambiri. Mlembi wodziwa ntchito yake amatenga mayendedwe a munthu mmodzi, mkwiyo wa wina, mbiri ya wachitatu, n'kuumba munthu amene sadakhaleko. Amasamutsa nkhani ya ku Nsipe n'kukaiika ku Kasinje, ya chaka chatha n'kuibweza zaka khumi. Amadziwanso kuti pali zinsinsi zina zimene adauzidwa ngati mwana wa pakhomo, osati ngati mlembi, ndipo zimenezo amazisiya ngakhale zikome bwanji. Amene sadziwa malire amenewa ndi amene amaipitsa mbiri ya anzake, ndipo akadandaulidwa asamanamizire luso.

Chotsala ndi chija timamva tsiku lililonse, chakuti ana a masiku ano sawerenga. Sagula mabuku, zimenezo n'zoona, ndipo mtengo wa buku poyerekeza ndi wa thumba la feteleza ukufotokoza chifukwa chake. Koma tayang'anani chimene mtsikana wa mugolosale akuwerenga pafoni pamene kulibe kasitomala. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp muli nkhani za chikondi za m'Chichewa zotuluka m'zigawozigawo, ndipo owerenga amakalipa gawo lotsatira likachedwa. Ambiri mwa olembawo ndi akazi, ena amabisa mayina awo enieni pa zifukwa zimene tafotokoza kale. Amalemba ndi chala chimodzi, mwana ali kumsana, foni atatchajitsa pa sola ya oyandikana nawo. Ena amapereka zigawo zoyamba mwaulere, zotsalazo amatumizira okhawo amene alipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Njira imene a Kalitera ankayenda ndi katoni, awa akuyenda ndi bandulo.

Sindinganene kuti zonse zimene zikulembedwa kumeneko n'zabwino. Zambiri n'zothamangitsa, kalembedwe ka mawu n'kosokonekera, Chichewa ndi Chingerezi zimangopondana, ndipo ena adazindikira kuti zolaula zimakoka anthu msanga kuposa nkhani yoluka bwino. Palibe mkonzi wowauza kuti gawo ili chotsa, munthu uyu wasintha khalidwe popanda chifukwa. Koma muli ena amene makambirano awo amamveka ngati anthu enieni akulankhula pa depoti, chinthu chimene mabuku ena osankhidwa ku sukulu amalephera.

Chimene chikuwadya alembi amenewa ndi kubedwa. Munthu mmodzi akalipira n'kulandira nkhani yonse, amaitumiza kwa anzake makumi angapo, ndipo mawa lake imapezeka patsamba la wina, dzina la mwini wake litachotsedwa. Lamulo loteteza eni luso lilipo, lidakonzedwanso mu 2016, ndipo bungwe la COSOMA lakhalapo kuyambira mu 1992, koma mayi wa kwa Champiti amene nkhani yake yabedwa ndi munthu wa dzina lopeka sadziwa n'komwe amene angakamusumire. Nkhanizo sizisungikanso. Foni ikabedwa pamsika kapena tsamba likatsekedwa, zigawo zonse zimene munthu adalemba chaka chathunthu zimapita nazo, chifukwa ambiri amalembera pafoni pomwepo popanda kukopera pena.